Bokosi Lolankhula la Apongozi

Mumsewu wa okonza mafoni aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Kawaya, chifukwa m'thumba la malaya ake simunkasowa kachidutswa ka waya. Anayamba ndi mawailesi ali mnyamata, n'kudzakalambira pa makompyuta. Kashopu kake kanali kuseri kwa telala, kachipinda kopapatiza konunkha mtovu wosungunuka, ndipo kompyuta iliyonse imene yawakanika anzake inkathera pa tebulo lake. Manja anali nawo abwino, koma mutu unali wouma. Ukamuuza chinthu ankayankha kuti "ndamva" maso ali pa sikirini, ndipo unkadziwiratu kuti walankhula ndi khoma.

Chimene ankanyadira kuposa zonse chinali bokosi lolankhula. Apongozi ake, bambo a mkazi wake, anali atasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga, ndipo ankasokoneza mankhwala, a m'mawa n'kumwa madzulo. Kawaya anatenga kakompyuta kokwana m'chikhatho, anakaika m'bokosi la pulasitiki, n'kulumikiza sipika ndi batani limodzi lalikulu loti chala chisamavutike kulipeza. Mapulogalamu opangidwa kale sanawafune. Anati apanga dongosolo lakelake loyendetsera bokosilo.

Ntchitoyo inagawika pawiri, chifukwa dongosolo lotere limakhala ndi mbali ziwiri. Pali kenelo, pulogalamu imene imayamba kudzuka magetsi akalowa, n'kudzutsa sipika, batani ndi zina zonse. Ikatero imafunafuna ruti, malo amene mumakhala mafayilo onse ogwirira ntchito. Mkazi wake, amene ankaphunzitsa makompyuta pasukulu ina, ankati kenelo ndi mlonda wotsegula zitseko m'mawa, ruti ndiye nyumbayo ndi katundu wake. Kawaya anasankha mlonda, mkazi anatenga nyumba.

Kenelo ija Kawaya anaikonda ngati mwana. Ankachotsamo chilichonse chosafunika kuti bokosi lizidzuka munthu asanachotse n'komwe chala pa batani. Akasintha kanthu kakang'ono, ankakopera kenelo yatsopanoyo pa fulashi, n'kumatapo kapepala, n'kuponya m'dilowa. Telala ankamuseka kuti dilowa imeneyo idzafuna loko wakewake.

Mkazi wake ankagwira ntchito yake Loweruka, kuchipinda, atapachika bulangete pawindo kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Maikolofoni ankalumikiza ku bokosi lomwelo, mawu ake n'kumalowa pa kakhadi kakang'ono ka m'bokosimo, pamene panali ruti. Anajambula maola onse a tsiku, mayina a mankhwala, ndi zina zimene palibe anam'tuma. M'mawa bokosi linkati, "Ababa, nthawi yakwana, musanamizire kugona." Masana linkati, "Shuga ndabisa, musavutike n'kufufuza m'kabati." Mkuluyo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumalikalipira bokosilo ngati kuti likumva.

Tsiku lina mkaziyo anaima pakhomo la shopu, kakhadi kali m'manja.

"Bambo a mwana, kakhadi aka mukakopere penapake. Timakhadi timeneti timatopa."

"Ndamva."

"Simunamve. Tandiyang'anani."

Kawaya anatembenuka akumwetulira. "Mayi, ruti si nkhani. Chovuta ndi kenelo. Ruti ndingaimange masana amodzi, ndili pomwe pano."

Sanali kunama. Mapulogalamu a pa ruti analidi osavuta kuwasonkhanitsanso. Chimene sanachiganizire, ndi nzeru zake zonsezo, n'chakuti pa kakhadi paja sipanali mapulogalamu okha. Mkaziyo anapukusa mutu, n'kukabwezera kakhadi m'bokosi, chifukwa mankhwala a madzulo anali pafupi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chotsatira mkazi uja anadwala masabata ochepa chabe, n'kumwalira. Maliro atatha, anthu atabalalika, bokosi linapitiriza ntchito yake pa katebulo ka pafupi ndi mpando wa apongozi. Mwana wamkazi wa Kawaya, amene anali atayamba kumene ntchito ya unamwino, anasamukira kwa agogo ake kuti aziwasamalira. Iye ndi amene ankanena kuti agogo sadina batani kuti adziwe nthawi ayi. Nthawi ankaidziwa. Ankangofuna kumva mwana wawo.

Kawaya yekha ndiye sankapirira. Akapita kukacheza, ola loti bokosi lilankhule likamayandikira, ankapeza chifukwa chotulukira panja, mwina foni, mwina njinga imene sanaikhome. Kangapo konse anapita ndi fulashi m'thumba kuti akopere kakhadi kaja. Koma kuti atero ankayenera kulizimitsa bokosilo, kulitsegula, kenako kuliyatsanso n'kuima pomwepo kudikira kuti mkazi wake alankhule. Ankabwerera nayo fulashiyo ili yopanda kanthu, akudziuza kuti adzachita sabata ya mawa. Zinatero kwa zaka.

M'mawa wina mwana wake analowa m'shopu atakulunga bokosi m'thaulo.

"Adadi, lasiya kulankhula. Magetsi anathima dzulo, atayaka lili duu. Agogo akana kudya."

Kawaya analumikiza bokosi ku sikirini n'kuliyatsa. Kenelo yake inadzuka msanga monga anaiphunzitsira. Inapeza sipika, inapeza batani, mizere ikuthamanga bwinobwino. Kenako inafuna ruti, n'kuima. Mzere womaliza unangonena kuti ruti sikupezeka. Mlonda uja anali atatsegula zitseko zonse, koma nyumba panalibe.

Anatulutsa kakhadi, anakapukuta ndi sipiriti, anakayesa m'kompyuta ina, kenako inanso. Palibe imene inakaona. Anathamanga nako kwa mnzake wa kumapeto kwa msewu amene ntchito yake ndi kuukitsa mafayilo otayika. Mnzakeyo anakhala nako mpaka masana, n'kukabweza ndi manja awiri.

"Achimwene, kapsa m'kati. Kope lake muli nalo, eti? Inuyo simungalephere."

Kawaya anabwerera kushopu, anakhuthulira dilowa yonse pa tebulo, n'kuyamba kulowetsa mafulashi imodziimodzi. Ankadziwa zimene zinalimo, popeza timapepalato analemba ndi dzanja lake, komabe anawayesa onse. Iyi kenelo, iyo kenelo, inayo kenelo ya tsiku limene anakonza batani. Mwana wake anakhala pa benchi akumuyang'ana, osam'funsa kanthu, ndipo kusafunsako kunam'pweteka kuposa kutukwanidwa. Madzi anali atatayika, ndipo wowataya anali iye.

Ruti yatsopano anaimangadi masana amodzi, monga anadzitamira paja. Bokosi linadzuka, kenelo inapeza nyumba yake, zonse zili m'malo, koma munalibe wolankhula. Ndiye mwana wake anati, "Anthu amati ndimalankhula ngati amayi. Tiyeni tiyese." Anapachika bulangete pawindo la shopu, n'kum'pempha telala kuti aimitse kaye makina. Mtsikanayo anatchula maola onse ndi mankhwala onse. Atafika pa za shuga wobisidwa anabwereza kambiri asanakwanitse.

M'mawa mwake anakawapeza apongozi ali pa mpando wawo pafupi ndi windo, dzanja lili pa katebulo pamene bokosi linkakhala. Kawaya analiika pansi pa dzanjalo mwakachetechete. Chala chinayenda, chinapeza batani, chinadina.

"Ababa, nthawi yakwana, musanamizire kugona."

Mkuluyo anamvetsera mutu uli chopendekeka. Anadinanso. Kenako anamwetulira pang'ono.

"Mdzukulu wanga uyu. Walankhula bwino, agogo ake amva." Anatambasula dzanja, mtsikanayo n'kuikamo mapiritsi, ndipo anamwa osavuta.

Atabweza kapu anatembenuzira nkhope kumene Kawaya anaima, ngakhale kuti mkamwiniyo anali asanalankhule chilowereni.

"A mkamwini, muli pomwepo?"

"Ndili pano, bambo."

"Paja inu simutaya kanthu. Mwana wanga ankandiuza kuti dilowa yanu ndi yodzaza ndi makope, mpaka siitsekeka. Musadzipanikize ayi, ntchito ndi yambiri, ndikudziwa. Fufuzani pang'onopang'ono. Mukam'peza, mubwere naye. Ine ndidikira."

Kawaya anayang'ana mwana wake, mwanayo anayang'ana pansi. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze za kenelo ndi ruti, za kakhadi kopsa, za tsiku lija mkazi wake anaima pakhomo la shopu. Mawu amene anatuluka anali amodzi okha.

"Ndamva."