Marola Pansi pa Chitenje

Mpaka lero ndikaona munthu ali ndi marola opotera tsitsi kumutu ndimayamba kutuluka thukuta, ngakhale kukhale kwa Juni. Chinandiyambitsa ndi chinkhoswe cha mng'ono wanga, chimene chinachitikira pakhomo pathu kufupi ndi Golomoti m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa ndipo mchenga suupondeka wopanda nsapato.

Mng'ono wangayo anali atatha zaka zingapo osaonetsa mutu wake kwa munthu. Ali ku sekondale, mnzake wina wodziwadziwa anamupaka mankhwala owongolera tsitsi n'kuwaiwala kumutu, iwo ali kalikiliki ndi nkhani za anyamata. Mankhwalawo anamuwotcha. Zilonda zitapola, tsitsi la kutsogolo ndi la pakati linali litathothoka, ndipo ana a m'mudzi mwathu, opanda chisoni aja, ankamuitana kuti agogo adazi. Kuyambira pamenepo duku silinachoke. Kutchalitchi duku, kumunda wa mpunga ku Bwanje duku, pogona duku. Tsitsilo linameranso ndithu, lambiri, lakuda bii, lolimba lothyola mano a chipeso, koma amene ankalidziwa ndinali ine ndekha chifukwa ndinkamuluka kuseri kwa bafa. Ngakhale mnyamata amene anamufunsirayo anali asanalionepo.

Kutatsala masiku owerengeka mng'ono wanga anandipeza ndikupeta mpunga pakhonde.

"Asisi, pachinkhoswe sindivala duku. Wigi sindikufunanso. Ndikufuna akandivundukula aone tsitsi langa."

Anatulutsa foni n'kundionetsa mayi wina wakunja, wakuda ngati ife tomwe, tsitsi lake lachibadwa litapotanapotana n'kulendewera ngati tinsonga ta maungu tija timagwira phesi la chimanga. Mayiyo ankangomwetulira, kupaka, kukulunga, kumasula, basi zatheka. Ine ndinati zimenezo n'zosavuta. Pakamwa pangapa, abale inu!

Ndinakwera minibasi kukafuna marola ku Mtakataka. Ndinazungulira magolosale onse mpaka ndinapeza paketi imodzi yokha, timarola ta pulasitiki towonda, tina tapinki tina tobiriwira, tosakwana ngakhale theka la mutu umene uja. Ndinagulanso kabotolo ka jelo. Pobwera ndinatsikira kudambo n'kudula bango, tizidutswa totalika ngati chala, ndipo ndinapala m'mphepete mwake ndi mpeni kuti tisakamubaye. Zomangira ndinang'amba chubu chakale cha njinga.

Nzeru yanga inali yoti ndimupote dzulo lake kuti ligone likuuma. Koma amayi achilangizo anamutsekera m'nyumba tsiku lonse, ndipo pamene ankatuluka, maso ali psuu, kunali kutada. Ndinangoti tiyamba mamawa.

Amayi athu anali otanganidwa kophikira, choncho zonse za mkwatibwi zinali m'manja mwa azakhali, mlongo wa bambo athu, amene anabwera kuchokera ku Mua ndi chikwama chawo komanso malamulo awo. M'chikwamamo munali duku latsopano, la nsalu yofanana ndi diresi la mkwatibwi. Atamva za tsitsi anapotoza milomo.

"Mwana wa eni ake mufuna mumuchititse manyazi pagulu? Duku lalakwa chiyani?"

Kutangocha ndinamusambitsa mutu mng'ono wanga, n'kumukhazika pampando waufupi, ine ndikuimirira kumbuyo kwake. Amene sanagwirepo tsitsi lachibadwa litanyowa asandiuze kanthu. Ulikoke lifika paphewa, ulisiye labwerera pamutu ngati silikukudziwa. Umatenga kachigawo kakang'ono, kupesa kuyambira kunsonga, kupaka jelo, ndiye kukulunga pa rola mozungulira kukwera m'mwamba, tsitsi lisasanjikizane, chifukwa likasanjikizana silipotana, limangopindika. Ukafika pakhungu umange. Ukamanga mofewa rola agwa, ukalimbitsa mwini mutu akuwa.

"Asisi, mukundikoka!"

"Khala bwino iwe! Wazifuna wekha."

Marola ogula aja ndinawaika kutsogolo, koonekera anthu. Kumbuyo konse kunali bango ndi mphira. Zala zanga zinachita noninoni ndi jelo, msana unawawa, tiyi anandizizirira pawindo. Pamene ndinkamanga kachidutswa komaliza dzuwa linali litakwera ndithu, koma mtima unali m'malo. Mayi wa pafoni uja analowetsa mutu wake m'chimakina choumitsira tsitsi. Ife magetsi tilibe, koma dzuwa la kwathu kuno limaumitsa usipa tsiku limodzi, ndiye tsitsi likanavuta pati? Ndinamukhazika kuseri kwa nyumba, poyera, n'kumuuza kuti asasunthe.

Anali asanatenthedwe n'komwe pamene tinamva lole ikulira kumsewu, nyimbo zili pakamwa. Akuchimuna! Anthu amene tinkawayembekeza masana, iwo afika mmawa ngati akudzagwira ganyu. M'dziko muno mwambo uliwonse umachedwa, maliro amachedwa, ukwati umachedwa, koma tsiku lokhalo limene ine ndinkafuna anthu achedwe ndi limene anasankha kusunga nthawi. Amayi a mbali yawo atangotsika anayamba kuzungulira nyumba kuti akapereke moni kophikira.

Azakhali anatulukira ngati kabawi.

"Mkwatibwi saoneka! Mwapenga? Lowa m'nyumba msanga!"

Kwathu pachinkhoswe mkwatibwi amabisidwa. Nthawi ikakwana, iye ndi atsikana ena amafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwatulutsa pamzere kuti mnyamata aloze wake pamaso pa anthu. Akuchimuna akamuona isanakwane nthawiyo, mwambo wonse wasukuluka. Zimenezo ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma ndinachonderera kuti angokhalako pang'ono kuseri kwa nkhokwe, ine ndimutchinge ndi chitenje.

"Ndati alowe!"

Anamukokera kuchipinda, kutseka chitseko, kutsekanso windo, n'kupachikapo bulangeti poopa ana osuzumira. Nyumba yathu ndi yamalata, yopanda siling'i. Tangoganizani. Tsitsi limene ndinkafuna liume linayamba kunyowa kuchokera pansi, thukuta likutsika m'khosi mwa mwana kamukamu. Ndinamukupiza ndi lichero mpaka mkono unalema. Ndinasintha n'kutenga chikatoni. Nzeru zitandithera ndinakatenga mbaula ya makala kophikira n'kuiika kumbuyo kwake, ati kuti kutentha kuthandize. Ha! Chipinda chinasanduka uvuni, azakhali anayamba kutsokomola, ndipo rola mmodzi wapinki amene anayandikira kwambiri anafewa n'kupindika. Mbaula inatuluka ndi matemberero.

Kunja ankhoswe anali atayamba kale zawo. Tinkamva amalume akulankhula mawu awo aatali aja, kuwomba m'manja, nthungululu. Asuweni athu awiri amene anayenera kufunditsidwa limodzi ndi mkwatibwi anabwera kudzakhala pabedi, atavala kale, akungotiyang'ana. Mng'ono wanga anavala diresi lake mosamala, kulilowetsa chakumiyendo kuti lisakhudze mutu.

Ndinamasula rola mmodzi wa pamphumi kuti ndione. Mayo ine, kukongola kwake! Tsitsi linagwa litapotana bwinobwino, lonyezimira, ndikalikoka linkabwerera lokha. Ndinamasula bango limodzi la kunkhongo. Linatuluka lonyowa, linapotana kamphindi, kenako linadzikundikira n'kukhala kampira. Ndinalikulunganso msangamsanga.

"Waona?" anatero azakhali. "Chotsa zinyalala zakozi timumange duku. Anthu akudikira."

"Azakhali, tangodikirani pang'ono. Akaimbe nyimbo ina."

"Nyimbo ina! Amalume ako atuma anthu kangati?"

"Ndiye ndimasule lonyowa? Ntchito yonse ndagwira ija?"

"Ntchito yake iti? Kusenzetsa mwana bango ngati akukamanga mpanda?"

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinaiwala kuti ndi azakhali. Ndinawauza kuti mutuwo si wawo, kuti mwanayu wabisala zaka zonsezi ndipo lero wanena yekha chimene akufuna. Iwo anati ine ndi amene ndamuika maganizo a pafoni, ndipo akuchimuna akaona chipala pamutu pake adzati tinawabisira chilema. Ndinati chipala chake chiti, munaonapo mutu wake inu? Tinakankhana ndi mawu mpaka tinatulukira pabalaza, iwo duku lili m'manja, ine chipeso, aliyense akuloza mnzake.

Tikulimbana choncho, amayi ena awiri amene amalume anawatuma analowera khomo la kuseri. Anapeza atsikana atatu atakhala pabedi, atavala. Anawafunditsa zitenje n'kutuluka nawo. Ife tinadzidzimuka ndi nyimbo yotulutsira mkwatibwi. Titathamangira kuchipinda tinapeza muli zii.

Ndinatulukira pabwalo. Pansi pa mtengo wa mango panaima anthu atatu ofunda zitenje. Awiri mitu yawo yosalala bwinobwino. Wapakati mutu wake unali tokhotokho ngati thumba la chinangwa. Panalibe choti mnyamata afufuze, ngakhale mwana woyamwa akanaloza. Anthu anayamba kugwirana, kuseka chamumtima, ndipo mayi wina wa kuchimuna anafunsa mokweza ngati wapakatiyo akuchokera kunkhuni. Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Ine ndinkafuna kulira, ndipo ndinkafunanso kumenya munthu.

Kenako ndinaona zigongono zikuyenda mkati mwa chitenje chapakati. Pamapazi pake panagwa rola wapinki. Kenako wobiriwira. Kenako bango, mphira, bango. Mwana uja ankamasula yekha, mumdima wa chitenje, mosaona! Ndipo ndinkadziwa mmene ankachitira, ankangosolola. Rola sasolola, umamuzungulitsa mobwerera, pang'onopang'ono, apo ayi mapotedwe onse aphwasuka. Ndinasendera pafupi mmene ndikanathera n'kumanong'ona mano ali okukuta.

"Osakoka iwe! Zungulitsa! Zungulitsa!"

Zigongono sizinandimvere.

Mnyamata uja anaimirira kuti akasankhe. Ndimanena zoona, tsikulo ndinayamba kumulemekeza mlamu wanga. Anayang'ana timarola tili mbwee pansi, anayang'ana chitenje chikugwedezeka, ndiye anapita kwa woyamba. Anamuzungulira, kuwerama kuona mapazi, kupukusa mutu. Anadumpha wapakati ngati palibe munthu n'kupita kwa wachitatu, kumuyeza msinkhu ndi dzanja, kubwerera kwa amalume ake ngati akufunsa nzeru. Anapempha kuti amayi aimbe nyimbo ina chifukwa yoyamba ija yamusokoneza. Anthu ankaseka, amvekere, "Wapakatiyo! Wakhungu iwe?" Iye ankangovina pang'onopang'ono, thukuta litanyowetsa jekete, mpaka zigongono zija zinatsika. Apo m'pamene anaima kutsogolo kwake n'kukweza chitenje.

Ine maso anga anathamangira pa zolakwika. Kutsogolo kunali bwino ndithu, mapotedwe akulendewera pamphumi ndi m'masaya, akuda, onyezimira. Mbali ya kumanzere anali ataikoka kwambiri moti inangoima nyankhalala. Kumbuyo konse kunali kutafota, konyowa, ndipo kuseri kwa khutu kunkalendewera bango limodzi limene analiphonya. Mmawa wanga wonse! Msana wanga!

Azakhali anandipitirira liwiro, duku atalitambasula kale ndi manja awiri. Anafika kumbuyo kwa mkwatibwi n'kulikweza. Mng'ono wanga, munthu amene chibadwire sanayankhepo wamkulu, anatembenuka n'kuwagwira m'mikono, mawondo atapinda pang'ono mwaulemu. Mawu ake anamveka mpaka kwa ife.

"Azakhali, pepani. Duku ayi. Andione chonchi."

Anatembenukiranso kwa anthu n'kuimika khosi. Mayi a mnyamata ndi amene anayamba nthungululu, ena n'kulandira, ng'oma n'kulira. Azakhali anadzipukuta nalo thukuta duku lija n'kukakhala pamkeka. Sanandilankhule mpaka tsiku lobwerera ku Mua. Ine nthungululu zanga zinatuluka zosakanikirana ndi misozi, komabe pamene ndinkapita kukafupa ndinamusolola bango lija n'kumuuza m'khutu kuti wandionongera ntchito.

Mapotedwe aja sanafike ngakhale madzulo. Kutentha ndi kuvina zinawamaliza, ndipo mmawa mwake mutu wonse unali utabwerera mwakale, chitsitsi chokhachokha chosamva chipeso.

Lolemba lake ndinali pakhonde ndikutsuka mapoto obwereka pamene mng'ono wanga anatuluka ndi khasu, akukankha njinga kuti azipita kumunda. Anadutsa pabwalo, anafika pamsewu pamene amayi ankapita kumjigo ndipo ana ankapita kusukulu. Ine pakamwa panali patazolowera, ndinangozindikira ndakuwa.

"Iwe, waiwala duku!"

Sanatembenuke. Anangokweza dzanja m'mwamba n'kukwera njinga.