Idesi ndi Nyali za ku Thiyeta

M'chaka cha 2014, Idesi anabwerera kwawo ku Nchema atakhala kumbuyo kwa lole, pambali pa bokosi la mwamuna wake. Anali ndi zaka 26 ndi ana awiri. Mayeso a Fomu 4 anali atawalephera kawiri.

Inu amene mukuona ngati zanu zathera pompo, werengani nkhani ya mayi ameneyu.

Mwamuna wake, a Dickson, ankapalasa kabaza pakati pa Mbombwe ndi Nguludi. Tsiku lina minibasi inawagunda, iwo n'kumenyetsa mutu pamwala. Anathamangira nawo kuchipatala china mumzinda, kumene madokotala anatsegula chibade n'kuchotsa magazi oundana. Opaleshoni inayenda bwino. Patatha masiku atatu a Dickson anatsitsimuka, anapempha phala, anafunsanso za njinga yawo.

Sabata isanathe, bala lija linayamba kutuluka mafinya. Thupi linatentha, mankhwala anakanika, ndipo a Dickson anamwalira.

Kumudzi anthu ankati bamboyo anachita kulodzedwa. Idesi sankawatsutsa, koma ankakumbukira zimene namwino wina anamuuza atafunsa kumene mafinyawo anachokera.

"Ndi tizilombo, mayi. Timakhala mumpweya, pakhoma, pazitsulo. Sitioneka. Tikalowa m'bala la m'mutu, nkhondo yake ndi yaikulu."

Idesi analima chimanga ndi nandolo chaka chimodzi. Kenako anamva kuti chipatala chomwe chija chikufuna anthu okolopa, ndipo analembera. Amalume ake sizinawakomere.

"Ukakolope pamalo pamene anafera amunako? Mutu wako ukuyenda bwino?"

"Amalume, ndikufuna ndikachidziwe chimene chinawapha."

Ana anawasiya kwa amayi ake, n'kumabwera kudzawaona Loweruka lililonse. Anakolopa m'mawodi zaka ziwiri. Akuluakulu ataona kuti sasiya fumbi ngakhale kuseri kwa mabedi, anamusamutsira ku thiyeta, chipinda chimene amachitiramo maopaleshoni a m'mutu ndi a msana.

Tsiku lina akusesa m'chipinda chosungiramo katundu, anapeza makatoni anayi osatsegula. M'kati munali nyali zinayi zazitali ngati machubu a magetsi. Anafunsa a Shabani, mmisiri wokonza makina a pachipatalapo.

A Shabani anamufotokozera kuti nyalizo zinabwera ngati mphatso. Zimatulutsa kuwala kotchedwa UV, kumene kumapha tizilombo ta mumpweya ndi ta pamalo pamene kwawalira. Koma kuwala komweko kumawotcha maso ndi khungu la munthu, choncho nyalizo zimafuna woziyang'anira tsiku ndi tsiku. Iwo anali okha ndi makina a chipatala chonse. N'chifukwa chake makatoni anangokhala.

"Mundiphunzitse, bambo. Ndizizisamala ine."

"Fizikisi munakhoza?"

"Ndinalephera."

"Kakhozeni kaye. Magetsi sadziwa chisoni cha munthu."

Idesi analembetsa sukulu ya masana. Ankakhala pabenchi limodzi ndi ana ocheperapo kwa iye ndi zaka khumi, ndipo ena ankamutcha "anti a mopu". Mabuku ankawerengera m'minibasi popita kwawo ku Nchema, ndiponso pamzere wa kuchigayo. Analemba mayeso kachitatu: fizikisi anakhoza, masamu anagwa. Analembanso kachinayi, n'kukhoza zonse. Anali ndi zaka 31.

Kuchokera apo anaphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja kwa zaka ziwiri, m'mawa akukolopa, masana ali m'kalasi.

Atamaliza, iye ndi a Shabani anakhoma nyali ziwiri m'chipinda chimodzi cha opaleshoni. Pa tsiku loziyesa, a Shabani anaitanidwa kuwodi ya ana, Idesi n'kutsala yekha. Anayatsa. Nyali zinawala mobiriwira ngati thambo. Chenjezo ankalidziwa, koma anaima kwa mphindi zingapo akuziyang'ana, poti anali atadikira zaka zambiri kuti azione zikuyaka.

Pofika madzulo maso ake anafiira, akuwawa ngati wathiramo mchenga. Anagona masiku awiri atawamanga nsalu. Anzake ankaseka kuti wokolopa anafuna kukhala injiniya. Mkulu wa anamwino analamula kuti nyalizo zichotsedwe, poopa kuti tsiku lina zidzavulaza namwino kapena wodwala.

Idesi anavomera kuti analakwa. Maso atachira, anapita kwa a Shabani ndi pepala limene anajambulapo maganizo ake: switchi ya pachitseko yozimitsa nyali munthu akangotsegula, ndi babu lofiira panja losonyeza kuti m'kati musalowe munthu. A Shabani anakonzapo malo awiri, anamuthandiza kulumikiza zonsezo nyali zisanachotsedwe, kenako anapita naye kwa dokotala wamkulu wa za ubongo.

Dokotalayo, mayi wosalankhulalankhula, anayesa chitsekocho yekha kasanu. Ulendo uliwonse nyali zinazima.

"Tiyese miyezi isanu ndi umodzi," anatero. "Ziziyaka m'chipinda mulibe munthu. Koma mopu ndi sopo musazitaye, mayi. Kuwala sikulowa pansi pa litsiro, sikufikanso kuseri kwa tebulo."

Choncho ntchito ya Idesi inakhala iyi. Opaleshoni ikatha, chipinda chinkakolopedwa. Iye ankasuntha matebulo kuti pasakhale mthunzi, ankatulutsa anthu onse, n'kuyatsa nyali kwa nthawi yake. Ankapukuta fumbi pamachubu, n'kumalemba maola amene chubu chilichonse chayaka, chifukwa chikakalamba chimawalabe koma mphamvu yopha tizilombo imakhala itachepa.

Miyezi ija itatha, buku la anamwino linasonyeza kuti mabala ochita mafinya achepa. Sanatheretu, koma anachepa. Dokotala ananena pamsonkhano kuti sangalumbire kuti ndi nyali zokha, popeza nthawi yomweyo anali atalimbikitsanso kusamba m'manja ndi kuwiritsa zitsulo. Komabe analamula kuti nyali zina ziwiri zija zikhomedwe m'chipinda chachiwiri. Chaka chotsatira Idesi analembedwa ntchito ngati wothandizira mmisiri wa makina.

Loweruka lina, akupita kwawo, anakhala pampando umodzi m'minibasi ndi mayi wina wa kufupi ndi Nguludi, dzina lake Misozi. Mayiyo anali atanyamula mwana wamkazi wa miyezi khumi. Idesi anamuzindikira mwanayo. Anali atamuona anamwino akulowa naye ku thiyeta miyezi iwiri m'mbuyomo, mutu utatupa ndi madzi. Tsopano kuseri kwa khutu kunali chipsera chouma bwinobwino, tsitsi litayamba kumera.

Misozi sankamudziwa Idesi. Anamufotokozera nkhani yonse, mmene ankaopera kuti bala lichita mafinya ngati la mwana wa mnzake, ndi mmene linapolera popanda vuto.

"Madokotala aja Mulungu awadalitse, achemwali," anatero.

"Awadalitsedi," anayankha Idesi. Anamunyamulira chikwama potsika, anamuthandiza kubereka mwana, aliyense n'kulowera njira yake.

Lero Idesi akugwirabe ntchito yomweyo. Odwala ambiri samudziwa, chifukwa nyali zake zimayaka iwo kulibe. Iye sadandaula nazo.

Mwina inunso mwalephera mayeso kawiri, kapena katatu. Mwina ntchito imene muli nayo ndi imene anthu amaiseka. Igwireni bwino, muzifunsa mafunso kwa odziwa, ndipo mukalakwitsa vomerani, mukonze, mubwererenso. Zaka zipita ndithu, kaya mukuphunzira kaya mwangokhala. Musataye mtima. Kalembetseninso.