Nthambi Zimene Anachotsa Pamsewu Wathu

Tsiku limenelo kunacha kotentha. Unali mwezi wa Okutobala, mphepo itaima, malata akulira okha ndi dzuwa m'mawa momwe. Nyenje zinkaimba mumtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, ndipo pabalaza amayi a kumpingo ankaimba motsitsa mawu chifukwa anali atachezera. Chapatali, kumsewu waukulu, makina okumba msewu ankagunda monga mwa masiku onse.

Pakati pa amayiwo panali bokosi, ndipo m'bokosimo munali mkazi wanga.

Kwawo kunali kumudzi wina kupitirira Njewa. Ndinamutenga kumeneko ali mtsikana, n'kudzakhala naye kuno ku Chinsapo zaka zonse za banja lathu. Mayi ake, apongozi anga, anali akadali moyo, koma miyendo inali itawakana. Nthawi yonse imene mwana wawo ankadwala sanathe kubwera kudzamuona. Uthenga wa maliro utawafika, anatumiza mawu kudzera mwa mlamu wanga, mlongo wake wa malemuyo. Anati sakupempha zambiri, koma timupititse kwawo akamuone nkhope asanalowe m'dothi. Ndinayankha kuti amuona ndithu. Sindinaganize kuti pali chovuta, pakuti kumudziko si kutali.

Amayi amene anasambitsa thupi ndiwo anandikokera pambali m'mawa umenewo. Mkazi wanga anali atatupa kwambiri ndi matenda. Anandiuza mwaulemu kuti ndi kutentha kumeneku tisachedwe, tikafike dzuwa lisanafike pamutu, ngati tikufuna kuti bokosi likatsegulidwenso. Ndinamva.

Nyumba yathu ili m'kamsewu kafumbi kopapatiza. Mbali ina kuli mipanda ya njerwa yotsatizana, mbali inayo kuli ngalande yakuya. Galimoto ziwiri sizingadutsanemo. Kale munkayenda anthu, njinga ndi mbuzi basi. Koma atayamba kukonza msewu waukulu, madalaivala a minibasi anatulukira kuti kamsewu kathu n'kachidule. Anayamba mmodzi, mawa lake atatu, kenako onse. Tinazolowera kutseka mawindo ndi kuyanika zovala kuseri.

Pakagwa maliro timaika nthambi pamsewu. Palibe amene sadziwa tanthauzo lake. Wapanjinga amatsika n'kumakankha, wachipewa amavula, wagalimoto amazimitsa wailesi n'kudutsa pang'onopang'ono. Koma poti lole yonyamula bokosi inayenera kuima pachipata n'kudzaza kamsewu konse, achinansi anagwirizana zotsekeratu. Anadula nthambi zazikulu n'kuzipingasa kumapeto onse awiri, kuti minibasi zizungulire kwina mpaka titatuluka.

Loleyo inali ya bambo wina wa khomo loyandikana nafe, Msilamu wochokera kunyanja, amene amagulitsa matabwa. Anaitsuka yekha n'kunena kuti ayendetsa yekha. Mwambo wa pakhomo unatha msanga. Anthu anaona nkhope, abusa anapemphera, amuna ananyamula bokosi n'kuliika kumbuyo kwa lole. Anandipempha kuti ndikhale kutsogolo, koma ndinakana. Ndinakwera kumbuyo n'kukhala chakumutu kwa bokosi, amayi atazungulira. Mlamu wanga anaima chakuchitseko, atagwira chitsulo.

Tinangoyenda mipanda yowerengeka, lole n'kuima.

Nditadzutsa mutu ndinaona minibasi yoyera itayang'anizana nafe, mphuno ndi mphuno. Kumbuyo kwake kunali ina, ndi inanso, mpaka pamene kamsewu kamakhotera. Nthambi zija anali atazikokera m'ngalande. Mwini lole anati abwerere m'mbuyo kuti titulukire mbali inayo, koma atasuzumira anapeza kuti nakonso zafika kale, zili mndandanda, yoyambayo itatsala pang'ono kugunda lole yathu. Kumenekonso nthambi anali atachotsa.

Mlamu wanga analumpha n'kupita kwa dalaivala wa kutsogoloyo.

"Achimwene, simunaone masamba?"

"Masamba ake ati? Ine ndapeza njira yotsegula."

"Bwererani. Tanyamula maliro."

Dalaivalayo anatulutsa mutu pawindo, n'kuyang'ana lole, n'kuyang'ananso kumbuyo. "Pepani, madala, koma ndibwerera bwanji? Taonani kumbuyoko. Komanso galimoto iyi ilibe rivesi."

"Ilibe chiyani?"

"Rivesi inafa kalekale. Imangopita kutsogolo ngati moyo."

Anthu ena m'minibasimo anaseka, kenako anadzigwira ataona bokosi. Kondakitala wake, mwamuna wamkulu ndithu wovala malaya a mpira, anatsika n'kuyamba kukalipira a kumbuyo. "Iwe wa buluu, bwerera! Watseka njira!"

"Ndatseka ine? Walowa poyamba ndani? Uza mnzakoyo akwere mpanda!"

"Galimoto yako ndi ngolo, umangotsatira pamene papita ng'ombe!"

"Ng'ombeyo ndiwe!"

Mahutala anayamba kulira mbali zonse ziwiri. Amene anali kumapeto sankadziwa n'komwe kuti kutsogolo kuli maliro. Ankangoona mnzawo walowa, iwonso n'kulowa. A njinga zamoto anadzaza timipata tonse totsala, mpaka munthu woyenda pansi ankachita kudutsa cham'mbali atapana mimba.

Mwini lole anazimitsa injini. Anatsika, anavula kapu yake, n'kuyamba kuyenda kwa dalaivala aliyense kukapempha ndi manja awiri. Ndinkamuona akuwerama pawindo lililonse. Aliyense ankamulozera kumbuyo.

Ine sindinatsike. Sindinathe kusiya bokosi. Chitsulo cha pansi pa lole chinayamba kutentha mpaka kupyoza nsapato. Amayi awiri anamasula zitenje zawo zapamwamba n'kuzitambasula pamwamba pa bokosi kuti pakhale mthunzi. Manja akatopa ankasinthana ndi anzawo. Anaimba nyimbo za chiyembekezo zonse zimene ankadziwa, kenako anayambanso yoyamba. Minibasi ina kumbuyo kwathu inkaliza nyimbo zovina, ndipo dalaivala wake anati sangazimitse injini chifukwa ikazima siilira popanda kukankha. Utsi wake unkabwera kwa ife.

Pawindo la minibasi ya kutsogolo panali mayi wina atanyamula dengu pamiyendo. Maso athu anakumana. Anaika dzanja pachifuwa n'kunena chapansipansi kuti pepani. Ndinagwedeza mutu. Tinakhala tikuyang'anizana choncho nthawi yaitali, aliyense alibe kolowera, mpaka iye anayamba kuyang'ana m'dengu lake.

Foni ya mlamu wanga inalira. Anayankha ataima pansi pafupi ndi ine, ndipo ndinamva zonse. Kumudzi adzukulu anali atamaliza kukumba. Anthu anali atasonkhana. Apongozi anali atauza ana kuti awanyamule n'kuwakhazika pamphasa panja, poonekera njira.

"Auzeni tanyamuka," anatero mlamu wanga. "Tili m'njira."

Atadula anandiyang'ana. "Alamu, tinyamule pamapewa. Tikafika kumsewu tikaona chochita."

Akulu a mpingo anatsika kukayesa mpata. Pakati pa minibasi ndi mpanda sipakanakwana bokosi. Mbali ya ngalande, onyamula akanayenera kuyenda m'matope onunkha ofika m'maondo, makoma ake otsetsereka. Wina anati tilidutsitse pamwamba pa madenga a minibasi, tizilandirana. Mkulu wa mpingo wachikulire anakana, nati munthu si katundu, komanso bokosi likapendekeka ndi mmene thupi lilili, tidzaona zosayenera kuona. Ndipo ngakhale tikanafika kumsewu, galimoto ina ya maliro sinalipo. Tinakhala.

Mthunzi wa mpanda unafupika mpaka unatha. Dzuwa linaima pamutu penipeni. Ndinaika dzanja pabokosi ndipo thabwa linali lofunda ngati mphumi ya wodwala malungo. Ndinapemphera, koma sindikukumbuka kuti ndinapempha chiyani. Mwina ndinangoti Ambuye, Ambuye.

Kenako ntchentche zinayamba kubwera. Mayi wamkulu uja amene anandichenjeza m'mawa anandiyang'ana, n'kuyang'ana bokosi, n'kukokera nsonga ya duku lake kumphuno pang'onopang'ono kuti ndisaone. Ndinaona. Anathyola kanthambi ka mtengo wolendewera pampanda n'kuyamba kukupiza. Nyimbo inatha yokha.

Chimene chinatimasula si chisoni. Apaulendo anatopa, nayamba kutsika n'kumayenda wapansi kupita kumsewu waukulu. Makondakitala ataona kuti anthu awo akuthawira m'galimoto zina, anathamangira kumapeto kukauza omalizira kuti abwerere. Mndandanda unayamba kusungunuka kuchokera kumchira, imodziimodzi, ndi mkangano pa galimoto iliyonse. Itatsala yopanda rivesi ija, panalibe woikankha koma ife. Akulu a mpingo anavula majekete, mlamu wanga ndi mwini lole anagwira kutsogolo, n'kuikankha chobwerera mpaka pokhotera, kondakitala akufuula kuti, "Pang'ono, mabwana, pang'ono, ngalande iyo!" Dalaivala anakweza dzanja pamene tinkadutsa. Sindikudziwa ngati kunali kupepesa kapena kuthokoza.

Msewu wa ku Njewa unali wabwino ndipo tinathamanga. Koma tinafika dzuwa litapendeka kale. Anthu anali atakhala m'mithunzi, ena atabwerera kwawo. Atatsitsa bokosi analowa nalo m'nyumba, mkulu wa adzukulu ndi mlamu wanga okha. Sanakhalitsemo. Mlamu wanga anatuluka atagwira pakamwa. Mkulu wa adzukulu anabwera kudzanjuta pafupi nane n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, sizitheka. Tikhomere basi. Amayiwa asaone zimenezi."

Bokosi analitulutsa lokhomera kale n'kuliika pabwalo. Apongozi anga anachoka pamphasa akukwawa ndi maondo, osalola munthu kuwagwira. Atafika anayamba kupapasa chivundikiro ndi zikhato zonse ziwiri, kufunafuna potsegulira. Anapapasa kumutu, anapapasa m'mbali. Atamva misomali ndi zala, anasiya.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso. Zaka zonse zija tinkapatsana moni atatembenukira kumbali, mawu akudutsa mwa mwana wawo. Tsopano wodutsamo mawuyo anali m'bokosi. Choncho anatembenukira kwa mlamu wanga, koma anakweza mawu kuti ndimve.

"Tawafunsa akamwini. Nkhope ya mwana wanga aisiya kuti?"

Mlamu wanga anayamba kufotokoza za msewu, za minibasi, za nthambi. Iwo sanamvetsere. Sanafikeko ku Chinsapo chiyambire, ndipo kwa iwo munthu wochotsa masamba a maliro pamsewu kulibe. Anangobwereza funso lomwelo kachiwiri, kenako anagoneka tsaya pabokosi. Tinaika maliro mofulumira, ulaliki utafupikitsidwa.

Ndinabwerera kunyumba kwanga patapita masiku. Minibasi zinkadutsabe pachipata, fumbi likulowa pansi pa chitseko. Nthambi zija zinali zikadali m'ngalande, zitauma. Kusamuka sindikanatha, ndipo kuntchito sindikanafika popanda kukwera minibasi zomwezo. M'mawa uliwonse ndinkakhala mopanikizana ndi anzanga, kondakitala atandiweramira pamutu, ine ndikuyang'ana manja ake n'kumadzifunsa ngati ndi amenewa anakoka nthambi. Ndinkayang'ana dalaivala pagalasi. Onse ankafanana, ndipo onse ankanditchula kuti madala mwaulemu.

Kutchalitchi ndinkapita monga kale. Koma tikamanena pemphero la Ambuye, pofika pa mawu a kukhululukira otilakwira, ndinkatseka pakamwa n'kudikira kuti anzanga adutsepo. Ndinkaona kuti ndi bwino kukhala chete kusiyana ndi kunama pamaso pa Mulungu. Ndinachita zimenezi nyengo yonse ya mvula. Palibe amene anazindikira.

Mlamu wanga ankafuna kuti tikawafunefune pamalo okwerera minibasi, tikadziwe amene anayamba. Ndinaganizira nthawi yaitali. Tikanamupeza, akanati anapeza nthambi zitachotsedwa kale, ndipo mwina akananena zoona. Wachiwiri akanati anatsatira woyamba. Ngakhale akanavomera n'kugwada, apongozi anga sakanaona nkhope ya mwana wawo. Iwo anamwalira chaka chotsatira, funso lawo ndisanaliyankhe, ndipo yankho ndilibe mpaka lero.

Sindinganene kuti panachitika chinthu chachikulu chimene chinandisintha. Palibe amene anabwera kudzapepesa. Ndinangotopa ndi kuweruza anthu osawadziwa m'mawa uliwonse, pamene ndikufuna kuti andifikitse kuntchito ndili wamoyo. Lamulungu lina ndinanena pemphero lonse osadumpha mawu, ndipo ndinadziwa amene ndikuwanena: wokoka nthambi, wopanda rivesi uja, woliza nyimbo, ndi onse amene anangotsatira.

Ndinawakhululukira.