Sitima Imene Tinaipeza Itaima

Ndikukumbukira kapepala kamene tinakapeza m'dirowa ya kukhitchini titangolowa m'fulati yathu ku Etobicoke, m'dziko la Canada. Anakasiya ndi anthu amene ankakhalamo kale. Panali chithunzi cha sitima yamasewera, ija amati rola kosita, ikutsetsereka pa njanji zam'mwamba, okwera atakweza manja, kukamwa kuli yasa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi anali atatsala ku Zomba kudikira mapepala, ndipo ine ndinkalira tsiku ndi tsiku kuti ndibwerere kwathu. Bambo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, koma kutonthoza mwana sikunali kwawo. Ngakhale tsitsi langa ankaliluka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Chida chawo chinali kapepala kaja. "Pirira mpaka kunja kutenthe," ankatero. "Tikakangokwera imeneyi, Canada uikonda." Ndinawakhulupirira, kulira ndinachepetsako.

Chisanu chitatha, Loweruka lina anapeza ofu. Anavala jekete lakutchalitchi, naika mazira owiritsa ndi mandasi m'chikwama. Tinakwera basi, kenaka sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka, kenaka basi ina. Njira yonse ankauza aliyense wotimwetulira kumene tinkapita, ndipo ena ankangotiyang'ana modabwa.

Njanji ndinaziona tikadali patali, zitapitirira mitengo. Koma kunali zii, osamveka ngakhale mwana mmodzi kukuwa. Pageti panali unyolo ndi loko. Udzu unali utamera m'ming'alu ya simenti, utoto wofiira ukusupuka pazitsulo, ndipo mphepo inkabweretsa fungo la dzimbiri ndi matabwa onyowa. Tingolo ta sitimayo tinali titaima pansi, titafunditsidwa lona wong'ambika, mbalame zitachitirapo zoyera.

Mlonda wa pamalopo, bambo wa ku Chipata, anatimva tikuyankhula Chichewa ndipo anatiyandikira. "Ah mudala, simunachekinge? Apa anatseka kudala!"

Bambo anayang'ana kapepala kaja, kukatembenuza, kukayang'ananso, ngati kangasinthe mawu. Kenaka anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba. Aka kanali koyamba kuwaona atachita manyazi, ndipo zinandiopsa kuposa chilichonse. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwanga.

Mwadzidzidzi anavula jekete, nampatsa mlonda uja, n'kunjuta. "Kwera paphewa. Umange lamba, sitimayi ilibe mabuleki."

Tinatsata mpanda, maso awo ali pa njanji. Pamene njanji zinkakwera, iwo ankayenda monyang'ama, pakamwa akuti kede, kede, kede. Pamene zinkagwa, ankaliyatsa liwiro kutsika kamtunda ka udzu, ine nditagwira makutu awo. Pokhota ankapendekeka mpaka ndinkaona thambo cham'mbali. Ulendo wachiwiri ndinasiya makutu ndi kukweza manja, kukuwa mpaka mawu kusasa. Wachitatu tinagwa tonse, thalauza lawo linang'ambika pabondo. Mazira aja tinadyera pomwepo, atatu ndi mlonda, bambo akupumira m'mwamba. Sindinganame kuti Canada ndinaikonda tsiku limenelo, koma sindinapemphenso kubwerera.

Mwezi watha ndinadutsako pagalimoto. Njanji zija zikadalipo, zada bii, ndipo pampanda amata zithunzi za nyumba zosanja zimene akufuna kumangapo. Ana anga sanadzutse n'komwe mitu pamafoni. Iwo akwerapo zazikulu zenizeni, amatsika akuti sizinali zoopsa.

Bambo atapuma pantchito anabwerera ku Zomba ndi amayi. Msana unapindika chifukwa chonyamula okalamba a eni, tsopano amayendera ndodo. Ndinawaimbira kuwauza zimene ndinaona. Iwo anati, "Pepa mwanangu, paja ndinakunamiza. Sitinakwere."

Ndinafuna kuwatsutsa. Zaka zonsezi iwo akhala akukumbukira geti lotseka. Ine ndimakumbukira mapewa aja, ndipo ndimawasowa koopsa.