Tsiku Limene Achemwali Anakana Ukwati

Ndikangomva fungo la mpunga wophikira nyama ya mbuzi, ndimabwerera kuseri kwa golosale yathu ku Nsipe, tsiku la ukwati wa achemwali anga. Mwamunayo anachita kuwasankhira amalume. Anali bambo wachikulire, mwini malole.

Ine ndinali mtsikana wamng'ono, nditakhala pamkeka pakati pa azimayi. Shehe anatuma mboni ziwiri kudzafunsa mkwatibwi, monga mwa lamulo la Chisilamu.

"Mwavomera kukwatiwa ndi bambo ali panjawa?"

Achemwali anagwira dzanja langa n'kuyankha.

"Ayi, sindinavomere."

Posakhalitsa tinamva amalume pazenera akudandaulira shehe.

"Ndi manyazi chabe mwana ameneyu. Pitirizani, anthu achokera kutali ndipo mpunga wapsa kale."

"Mpungawo tidya," anayankha shehe mofatsa. "Koma mkazi akakana, ine sindingamange ukwati."

Achemwali anali atakhala masiku angapo osadya. Anakonza mpango wawo kumutu, nandipatsa mbale azimayi onse akuyang'ana.

"Pita ukanditengere mpunga. Uwauze aikepo nyama yambiri."