Aneba Athu Ofunsa Mawu Kwawo

Aneba athu, mayi achikulire okhala okha, sakhazikika. Ukawapatsa mpando amangoima pakhomo n'kumasinthanitsa miyendo ngati pansi pakutentha. Anagwira ntchito yotayipa zaka makumi atatu, ndipo mawu a Chingerezi sawalola kudutsa asanawafunse kwawo. Wokonza mipope akati vuto ndi la "technical", iwo amati, "Mawuwo anachokera ku Chigiriki, bambo, amanena za luso. Ndiye luso lanulo lili kuti?"

Mwezi watha amuna anga anabwera kuchokera kuchipatala ndi kapepala konena kuti magazi awo apita ku "analysis". Anakana kudya, n'kumangozungulira m'nyumba. Ndinathamangira kwa aneba.

Anabwera ndi dikishonale yawo yothothoka chikuto. "Achimwene, musadziike m'manda muli moyo. Kwawo mawuwa amatanthauza kumasula, monga timamasulira mtolo kuti tione zili m'kati. Sanapeze kanthu, akungoyang'ana."

Akutembenuza masamba, munagwa emvulopu yakuchipatala yosatsegula, dzina la anebawo lili pamwamba. Ndinaitola. Deti lake linali la miyezi iwiri yapitayo.

"Nanga iyi, amama?"

Anandilanda msangamsanga. "Mawu ndimawadziwa, mwanawe. Koma zili m'katimo ndikuziopa."

Amuna anga anasiya kuzungulira. "Ine mawa ndikukamva zanga. Tipitire limodzi, yanuyo mukatsegulire pamaso pa dokotala."

Aneba anangotuluka. M'mawa mwake tinawapeza pageti atavala kale, emvulopu ili m'manja, akutikalipira kuti tachedwa.