Kachitsulo ka a Chikopa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa, osati pepala la unamwino limene ndinalivutikira zaka zitatu. Ndinakhala chaka chathunthu ku Manja ndikuponya makalata m'zipatala, osayankhidwa. Kenako mayi wina wa kumpingo kwathu anandinong'oneza kuti ku Limbe kuli kachipatala ka dokotala wa mtima wochokera kunja, wosadziwa Chichewa, ndipo akufuna namwino woti azimumasulira. Ndinapita. Anandifunsa mafunso awiri m'Chingerezi n'kunena kuti ndiyambe Lolemba. Pepala lija sanaliyang'ane n'komwe.

Ntchito yake inali kuyeza BP, shuga ndi sikelo, komanso kujambula ECG, makina olemba kugunda kwa mtima papepala. Mawaya ake ndi khumi: anayi m'manja ndi m'miyendo, asanu ndi limodzi pachifuwa. Wacheya chambiri umayamba wam'meta, apo ayi zomata sizigwira. Ndikamaliza ndinkaima pambali pa dokotala n'kumatembenuza mawu ake. Munthu wake anali waulesi pakamwa. Mawu asanu, wodwala atuluke, alowe wina.

Mwezi wanga wachiwiri kunabwera a Chikopa, mwini holoselo ku Limbe komweko, nyumba ku Soche, mimba patsogolo, mafoni awiri m'manja. Anali atangobwera kuchokera ku India kumene anakawaika stenti. Ndi kachitsulo kakang'ono konga sipuling'i ya bolopeni, kamene amakalowetsa mumtsempha wa mtima wotsekeka ndi mafuta kuti kautsegule. Kawo kanali kamakono, kopakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera msanga n'kukatseka. Dokotala anatero mwachidule, ine n'kumasulira mwachidulenso: "Bambo, kachitsulo kanu si kawamba. Kali ndi mankhwala."

A Chikopa anaseka mpaka mimba kugwedezeka, n'kutembenukira akazi awo. "Mwamva mayi? Ndakhwima ine."

Nanenso ndinaseka, poyesa ndi nthabwala. Uchitsiru wanga unali pamenepo. Ndinakulira konkuno, ndikudziwa bwino lomwe kuti tikati nyumba ili ndi mankhwala, kapena galimoto ili ndi mankhwala, tikunena yotsirika, yoti choipa sichilowa. Dokotala anapitiriza za mapilitsi a tsiku ndi tsiku, ochepetsa mafuta ndi oletsa magazi kuundana. Ndinamasulira zonse, koma ndinkauza khoma. Bambo aja anali pafoni kukalipira dalaivala wawo.

Zaka zitatu osapondanso. Tikawaimbira ankati ali ku Mwanza kulandira katundu. Ine ndinkawaona ndikamapita kudepoti, ataima pachiwaya, akusankha nyama yamafuta yokhayokha, akudziguguda pachifuwa pamaso pa anzawo kuti muno muli chitsulo cha ku India. Ndinkadutsa ndikuwanyoza mumtima. Bambo wamkulu, wodziwa mtengo wa katoni iliyonse m'sitolo mwake, koma timapilitsi tiwiri kumukanika. Kuima n'kuwafunsa ngati akumwa sindinaime, ndinkati aphunzira okha.

Lachisanu lina masana anawabweretsa atapanikiza chifuwa ndi chibakera, thukuta lili kamukamu, milomo yatuwa. Malaya ndinachita kudula ndi sizasi. Zomata zinkangogwa chifukwa cha thukuta, mpaka ndinapukuta ndi sipiriti katatu. Pepala linatuluka mizere itakwera pamene siyenera kukwera, ndipo ngakhale ine ndinadziwa kuti mtima ukufa. Dokotala anawapatsa asipirini kuti atafune, n'kufunsa kuti mapilitsi anamwa liti komaliza.

Anayankha ndi akazi awo, akuyang'ana ine, osati dokotala. "Anasiya kalekale. Si munanena nokha kuti kali ndi mankhwala?"

Ndinamasulira funsolo, koma mawu akuti nokha ndinawameza. Apo ndi pamene dokotala pakamwa panatseguka. Akuti mankhwala a pa stenti amatha m'miyezi yowerengeka. Pakapita zaka, mafuta atsopano amatha kuyalana m'kati mwa kachitsulo momwemo, ngakhale kwa amene amamwa mapilitsi, nanji wosamwa. Tsiku lina mafutawo amang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Kuti uone bwino ndi kutsegulanso pamafunika makina amene ife tinalibe. Anafotokoza bwino zedi, ndi chojambula chomwe kuseri kwa envulopu. Ndinanyansidwa naye. Mawu onsewa anali nawo tsiku loyamba lija, anangoona kuti mzere panja ndi wautali.

Tikudikira ambulansi yoti iwatengere kuchipatala chachikulu, a Chikopa anandigwira dzanja. Mafoni aja ankalira m'thumba, osawalabadira.

"Asisita, mankhwala amatha?"

"Amatha, bambo."

"Nanga bwanji simunanene?"

Ndinakhala ngati ndikukonza mawaya. Anamwalira m'mawa mwake.

Lolemba dokotala analemba pafailo yawo kuti wodwala wosamvera malangizo, n'kundipatsa kuti ndikaike m'kabati. Ndinakaika, chifukwa ntchito ndinkaifuna.

Pano ndili pachipatala china. Wa stenti akabwera ndimamuuza kuti kachitsulo kako ndi paipi chabe, ndipo paipi imatsekekanso. Satuluka asanandibwerezere m'mawu akeake zimene wamva, ndipo akakhala pafoni ndimadikira, kaya ndi bwana wa chiyani. Madokotala amadandaula kuti ndimachedwetsa mzere. Adandaule. Pafailo pali malo a dzina la wodwala ndi la dokotala, koma a womasulira palibe. Zimene ndinawauza a Chikopa, akuzidziwa ndi ine ndi akazi awo aja basi, ndipo tikakumana mumsika wa Limbe amandipatsa moni.